Maso Sitidya

Ku tchalitchi kwathu ku Laurel amanditchula kuti mayi wa nkhumba, ndipo amayesa sindidziwa. Ndimadziwa bwinobwino, ngakhale amene analiyambitsa dzinalo ndikumudziwa. Ine ndine Sellina, ndimakhala kunja kwa tauni ya Manassas m'kanyumba kokhala ndi mpanda kumbuyo, ndipo nkhumba akunenayo ndi Tiffany. Musaganize za nkhumba zakumudzi zija zogona m'matope. Uwu ndi mtundu wina, waufupi, wamimba yolendewera, umene azungu amasunga m'nyumba ngati galu. Tiffany amasamba, amagunda chitseko ndi mphuno akafuna kupita panja, ndipo ali ndi ulemu woposa wa anthu ena amene ndimadya nawo mgonero.

Anabwera naye ndi malemu amuna anga, a Gracian. Iwo ankakonza mipanda ndi madenga m'nyumba za anthu, ndiye gogo wina wachizungu amene ankasamukira kunyumba ya okalamba anawachonderera kuti amutenge akadali kamwana. Tsiku limenelo ndinalalata mpaka mawu anasasa. Ndinawafunsa ngati tinakwera ndege ulendo wonsewu kudzagona ndi nkhumba m'nyumba. Koma a Gracian atagwidwa sitiroko, amene ankakhala nawo tsiku lonse ine ndili kuntchito anali Tiffany yemweyo. A Gracian anamuikira kabokosi pansi pa zenera la pabalaza kuti azikwerapo, awiriwo n'kumayang'ana msewu kudikira galimoto yanga. A Gracian atatisiya, Tiffany sanasiye. Ndikamakhota kulowa pakhomo ndinkaona kamphuno kataphwatika pagalasi, timaso tiwiri tili pa ine. Kwa mkazi wamasiye m'dziko la eni, kukhala ndi wokudikira pazenera si chinthu chochepa, ndipo ine ndinalibe wina.

Chaka chatha mu Januwale kunabwera foni yoti mayi anga ku Balaka ali gone. Ndinayenera kunyamuka mwachangu, osadziwa kuti ndidzabwera liti. Ndinaitana alamu anga a Bester, mng'ono wawo wa malemu, kuti adzakhale m'nyumba mwanga. Iwo ankayendetsa vani yoyera ya kampani ina yophika buledi, kugawa m'masitolo kuyambira ku Maryland mpaka kuno ku Virginia, ndiye kugona ku Manassas sikunali kovuta. Mkazi wawo Mwabi, mtsikana wofatsa wa ku Lusaka, ntchito yake ili ku College Park, choncho iye anatsala kunyumba kwawo ku Laurel n'kumabwera Loweruka.

Ndinawaonetsa alamu thumba la chakudya cha Tiffany ndi kakapu koyezera. Kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo, kuwonjezerapo masamba, basi. Kenako pakhomo, sutikesi ili m'manja, ndinalankhula mawu amene mpaka lero alamu amabisalamo.

"Alamu, mundiwetere Tiffany."

Mukanakhala inu mukanati chiyani? Chichewa chathu chilibe mawu ena. Galu ndi chiweto, mbuzi ndi chiweto, tambala wa Khirisimasi nayenso ndi chiweto. Koma munthu wamkulu, wandevu zake, amene anaona mkulu wake akutsirizika dzanja lili pamutu pa Tiffany, asandiuze kuti sanamve chimene ndinkatanthauza. Anamva. Anangosankha tanthauzo limene linawakomera.

Mayi anadwala nthawi yaitali. Tinawaika m'manda mu Meyi, ndipo ine ndinabwerako mu Juni. Miyezi yonseyi ndikaimba foni kufunsa kuti Tiffany ali bwanji, alamu ankayankha kuti ili bwino, ikudya bwino. Ine ndinkati "ali", iwo ankati "ili". Ndikanakhala kuti mutu wanga sunali pa matenda, ndikanatchera khutu pamenepo.

Ndinafika Loweruka masana. Pazenera panalibe kamphuno. Ndinadziuza kuti mwina wagona, mwina galimoto imene yandibweretsa sakuidziwa. Nditalowa ndinalandiridwa ndi fungo la shuga ndi mafuta, makatoni a madonati ataunjikidwa kukhitchini mpaka kufika m'chiuno. Ndinaitana. Pakona pa sofa panamveka kubuula, ndiye chinthu china chachikulu chinadzikoka n'kuimirira movutikira, mimba ikukhwekhwereza pansi. Abale inu! Mutu wake unali utatupa ngati mtanda wa mandasi woiwalika padzuwa. Mafuta a pamphumi anagwa n'kukumana ndi a m'masaya, ndipo pamene panali maso panatsala timizere tiwiri totuluka manthongo akuda oyenderera mpaka kukamwa. Anatsata mawu anga, n'kugunda mwendo wa tebulo. Anabwerera m'mbuyo, n'kugunda khoma. Nditamugwira pamutu anakuwa, n'kuluma m'malere, chifukwa sanaone kuti dzanja likubwera.

Alamu anaima pakhomo la kukhitchini manja ali m'chiuno, nkhope ikuwala. Mwabi anali kumbuyo kwawo atazolika.

"Mwaiona ntchito yanga, alamu? Munandisiyira mafupa okhaokha."

Anafotokoza monyadira kuti kakapu kanga kaja anakataya tsiku lachiwiri lomwe, chifukwa kumeneko kunali kuzunza chiweto. Madzulo aliwonse ankabwera ndi zotsala za m'masitolo, madonati, makeke, buledi wogona, n'kuikhuthulira mpaka ikane yokha. Anati anali atalengeza kale pa gulupu ya a Malawi kuti pa chikondwerero cha pa 6 Julayi chaka chino tidya nkhumba yoweta tokha, osati zoumitsidwa m'firiji zija. Iwo sankafuna zambiri ayi, mwendo wakumbuyo umodzi wokha wa chakhola, poti kwathu wokusungira chiweto sachoka chimanjamanja. Ndinawauza kuti Tiffany sakuona. Ndinabwereza, mwina sanamve. Iwo anaseka chikhakhali mpaka kupukuta misozi.

"Nkhumba imafuna maso a chiyani, alamu? Maso sitidya."

Amene amandidziwa akudziwa kuti ine pakamwa sindichedwa. Ndinatukwanapo mkulu wa mpingo pa maliro, ndipo sindinapepese. Koma tsiku limenelo sindinatukwane. Ndinawathokoza chifukwa chondisungira nyumba, ndinawathandiza kunyamula zikwama zawo, ndinawaperekeza mpaka pa vani. Mwabi yekha ndi amene anandiyang'ana kawiri, chifukwa mkazi mnzako amadziwa kuti zikomo wotero si wabwino.

Lolemba kunabwera Dokotala Robin, mayi wa ziweto amene amayenda ndi kalole kake m'mafamu a kuno. Anamubaya Tiffany kajakisoni komufooketsa pang'ono, n'kukweza mafuta aja ndi zala ziwiri, tochi ili pakamwa. Atatha anandifotokozera pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana. Mafuta anali atakankhira zikope mkati, ndiye tsitsi la m'zikope linkakanda diso nthawi iliyonse akaphethira, usana ndi usiku, kwa miyezi. Diso lamanzere linali litachita kale chipsera choyera, ndipo anati ndisaliyembekezere. Lamanja linali ndi chilonda, koma mwina likanapulumuka. Panafunika opaleshoni yochotsa chikopa cholendeweracho ndi kutembenuzira zikope kunja, koma kumugoneka ali wonenepa chonchi, anati, akhoza osadzukanso. Ayambe waonda kaye, ndipo aonde pang'onopang'ono, chifukwa kumumana chakudya mwadzidzidzi kukanamudwalitsa matenda ena. Pakadali pano ntchito yanga inali kusunga diso limodzilo kuti lisafe tisanafike kumeneko.

Polongedza zida zake anandifunsa kuti kodi ndinkamudyetsa chiyani. Anafunsa mwaulemu, koma maso ake ankandiweruza. Ndinachita manyazi a mlandu wa wina, ndipo manyazi amenewo anandipweteka kuposa mawu a alamu aja.

Kuthira nkhumba mankhwala m'maso musakuyese masewera. Ndinkayamba ndi kumukanda pamimba ndi foloko yakale mpaka atafooka n'kugwera chammbali. Kenako kansalu konyika m'madzi ofunda, kupukuta manthongo, kukweza mafuta aja ndi chala chachikulu, kuumitsa m'makwinya kuti musawole, ndiyeno kufinyira mankhwala m'kati mwa chikope osakhudza diso. Akangomva kuzizira kwa mankhwala ankadzambatuka n'kukuwa mokweza moti aneba anabwera tsiku lina kudzafunsa ngati kuli mtendere. M'mawa, masana, madzulo ndisanapite kuntchito, tsiku lililonse chimodzimodzi. Ndinagulanso kakapu kena. Chakudya ndinkachimwaza m'kapinga kuti aziyenda pochifunafuna ndi mphuno. Iye sankadziwa za dokotala kapena za opaleshoni. Ankangodziwa kuti mayi uyu wabwera, madonati atha, ndipo m'maso mukulowa zala.

Alamu anadzaonekera patapita masiku angapo chikondwerero chija chitadutsa. Unali usana, ine ndili pakhomo poti ndinkalowa ntchito cha kumadzulo. Vani isanakhote n'komwe, Tiffany anadzuka pamene anagona n'kuyamba kulira kwina kumene sindinakumvepo, akudzigunditsa m'mipando kufunafuna chitseko. Ndinamutsekera kumpanda. Alamu analowa atanyamula chithumba cha madonati, akudandaula mwanthabwala kuti ndinawachititsa manyazi pagulu, anachita kukagula nyama m'sitolo ngati mbeta. Anati abweretsa kakamba ka nkhumba ija, iwone kuti sanaiiwale.

Ndinalandira chithumbacho ndi manja awiri. Ndili chiimire pakati pa khitchini, kumbuyo Tiffany akukuwa, nzeru inangobwera yokha, yathunthu, ngati kuti inkandidikira.

A Bester ali ndi shuga. Ndi matenda a kubanja kwawo. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ndinali ine amene ndinawaphunzitsa kudzibaya pachala poyeza magazi. Ndaona ndi maso angawa zimene shuga amachita akalekereredwa, ndipo ndikudziwa kumene amayambira. Kunyumba kwawo Mwabi ankawagwira mwamphamvu: tiyi wopanda kanthu, masamba owiritsa, kampunga kokwana m'dzanja. Ngakhale madonati a m'vani mwawo ankawaopa, chifukwa Mwabi ankawanunkhiza pakamwa akafika. Munthuyo ankayenda ndi njala.

Ndinawakhazika pampando wa malemu. Ndinatereka tiyi, n'kuthiramo mkaka wotsekemera wa m'chitini mpaka supuni kuima. Madonati aja ndinawayala pambale ya alendo.

"Alamu, mwaonda. Kodi Mwabi akukusamalani koma?"

Anayesa kukana kamodzi, mwamwambo chabe, akutchula za shuga. Ndinawafunsa ngati tsopano afika pokana chakudya m'nyumba ya mkulu wawo, kuti mwina poti a Gracian kulibe ndiye dzanja langa lasanduka lodetsedwa. Kwathu mawu amenewo alibe yankho. Anadya anayi. Potuluka ndinawauza kuti azidutsa, nyumba ino ndi yawo.

Ndiye anadutsadi, poyamba kawiri pa mlungu, kenako tsiku lililonse. Ndinaphika ngati ndikufuna kukwatiwa. Mandasi, zitumbuwa, chikondamoyo, futali wa mbatata wothira nsinjiro zambiri, mpunga wonunkhira umene ndinabwera nawo kumudzi, thobwa wothira shuga ndi dzanja lotayirira. Zina ndinkawaikira m'kabakuli kuti azidya panjira. Tinagwirizana kuti Mwabi asamve, poti ana a masiku ano sadziwa kuti mwamuna amagwira ntchito ndi mimba. Iwo ankaseka, n'kumanditchula mlamu weniweni, ati mkwiyo wanga uli ngati moto wa mapesi. Nthawi zonse ankapempha kuti aione nkhumba ija, ine n'kumati dokotala analetsa alendo. Tiffany ndinkamuyezera ndi kakapu, alamu ndinkawapakulira ndi chipande.

Pofika mu Ogasiti, lamba wawo anali atasuntha mabowo awiri. Ndinkawayamikira pakhomo pomwe kuti koma ndiye mwanenepa bwino alamu, tsopano mukuoneka ngati bwana. Nkhope inkawala ngati tsiku lija. Ankamwa madzi ngati ng'ombe, ndipo asananyamuke ankapita kukataya madzi kawiri. Kenako ndinayamba kuona zimene ndinkadikira. Foni ankaiyandikitsa kumaso, n'kuitalikitsa, n'kuiyandikitsanso. Magalasi ankawapukuta ndi malaya mobwerezabwereza. Tsiku lina anandiuza kuti galasi lakutsogolo la vani lachita nkhungu yosachoka, ndipo alitsuka kangapo koma osatheka. Ndinasuzumira pazenera. Galasilo linali mbee. Ndisaname, ndinamva kukoma mpaka kuphazi, ndipo ndinawaonjezera futali.

Uku Tiffany ankaphwa pang'onopang'ono. Mimba inachoka pansi, miyendo inayamba kuoneka. Dokotala Robin ankabwera kudzamuyeza n'kugwedeza mutu kuti tikuyenda bwino, chilonda cha kumanja sichikukula. Koma Tiffany anali atasiya kugona pamapazi anga. Ndikatenga kansalu kaja ankathawira kuseri kwa sofa. Ndinkamuuza kuti pirira mwana wanga, udzandithokoza ukadzaona, ndipo amene anakuchita zimenezi akulipira. Ndikamalankhula chonchi ankangotembenuka n'kundipatsa msana.

Mu Okutobala vani inasiya kubwera. Loweruka lotsatira kunabwera Mwabi yekha. Anakana kukhala pansi, anakana madzi. Anatulutsa m'chikwama kabakuli kanga kaja n'kukaika patebulo, mkati mukadali nyenyeswa za chikondamoyo. Anandiuza kuti a Bester anakhula vani pachipilala pamalo oimika magalimoto, masana dzuwa likuswa mtengo, ati sanachione. Kampani inawatumiza kukayezetsa. Shuga anapezeka ali kumwamba koopsa, ndipo dokotala wa maso anapeza kuti timitsempha ta kumbuyo kwa diso tayamba kuchucha. Mwina vutolo linayamba kale mwakachetechete, koma miyezi imeneyi inalithamangitsa. Chiwongolero anawalanda. Apa Mwabi anatembenukira ku chilankhulo cha kwawo ku Lusaka.

"Ba Sellina, imwe musebenza na odwala. Muziba vamene shuga ichita. Mufuna kunipaila mwamuna?"

Ndinamuyankha modekha kuti ine sindinaphe munthu, ndipo sindinakakamize munthu kutsegula pakamwa. Ndinati ine ndimangoweta, monga mmene ena anandiwetera. Iye anati koma ndi maso a munthu amene tikukamba, maso a bambo wa ana ake. Pamenepo mawu amene ndinawasunga pansi pa lilime kuyambira mu Juni anatuluka okha, osalala bwino.

"Mwamuna amafuna maso a chiyani, Mwabi? Maso sitidya."

Anawazindikira. Analipo tsiku lija, ndipo sanatsegule pakamwa kudzudzula mwamuna wake, ngakhale Loweruka lililonse ankaona mutu wa Tiffany ukutupa. Ndinkayembekeza kuti alira kapena anditukwana, ndipo ndinali wokonzeka pa zonse ziwiri. Koma anangoyang'ana kukhomo la kumpanda, kumene Tiffany ankanunkhiza pansi pa chitseko pomva fungo la munthu wa ku Laurel.

"Muifunse nkhumba yanu ngati ili nao mulandu ba Bester," anatero, n'kutuluka.

Ndinatsuka kabakuli kaja ndikuimba nyimbo ya kwaya. Nkhani inafika ku tchalitchi, inde, ndipo amayi a chigwirizano anagawikana. Ena anati ndine mfiti. Ena anati mwamuna wamkulu amadziwa yekha chimene akumeza. Abusa anandiimbira foni kufuna kudzacheza nane, ndinawauza kuti abwere ndiwaphikire, ndipo sanabwere.

Opaleshoni inachitika chakumapeto kwa Novembala, mitengo itayoyoka masamba. Ndinakhala pabenchi ya chipatala cha ziweto pakati pa mzungu wonyamula mphaka ndi wina wa kalulu woyera m'kabasiketi, ndikupemphera ngati ndili pa wodi ya anthu. Tiffany anadzuka. Anatuluka nkhope itasokedwa uku ndi uku ngati thumba la chimanga, khosi atamuveka chinthu chonga ndowa yobooka kuti asadzikande. Lamanzere, monga ananenera dokotala, linali loyera ngati dzira lophika. Lamanja linali lotupa, lotsekeka, ndipo Dokotala Robin anati tidziwa kutupa kukaphwa. Masabata amenewo ndinapempha tchuthi. Ndinkamudyetsa pamanja, kumupukuta, kumuthira mankhwala, iye akundikuwira ngati ndikumusenda.

Atachotsa ulusi, diso linatseguka. Linali laling'ono, lofiirira, lonyowa, lokhala ndi kadontho kotuwa m'mphepete. Dokotala anayendetsa dzanja kutsogolo kwake mwakachetechete, Tiffany n'kuphethira. Anagwetsa kathonje kuchokera m'mwamba, diso n'kukatsata mpaka pansi. Ndinakhala pansi pomwepo pa simenti, ndi diresi langa labwino, n'kulira ngati mwana. Ndinati Gracian, taona, ndamubweza.

Mlungu wotsatira ndinabwerera kuntchito, ndipo anandiika shifiti ya m'mawa. Tsiku loyamba ndinaweruka masana, kunja kukuzizira, dzuwa lili lofooka. Ndikukhota kulowa pakhomo, ndinayang'ana pazenera. Kamphuno kanali pagalasi. Anakwera yekha pakabokosi kaja, kamene kuyambira Juni sankatha ngakhale kuikapo mwendo. Ndinazimitsa galimoto, ndinatuluka, ndinaima pakapinga n'kumukwezera dzanja ngati wamisala, ndikumuitana maina onse amene ndimamutchula tikakhala awiri.

Diso linandipeza. Linakhala pa ine kanthawi kochepa, kenako linasuntha n'kuyang'ana kumsewu, kumbuyo kwanga.

Ndinalowa m'nyumba. Kale ndikangotembenuza kiyi ankatsika n'kudzandigunda m'miyendo mpaka kufuna kundigwetsa. Tsiku limenelo anatembenuza mutu, n'kununkhiza manja anga ali patali, n'kubwezeranso mphuno pagalasi. Ndinagwada pambali pake kuti ndione chimene akuona. Msewu unali wopanda kanthu. Tinakhala choncho, ine chikhoto chili m'thupi, mpaka kumtunda kunatulukira vani yoyera ya anthu okonza mapaipi. Tiffany anaimirira ndi miyendo yakumbuyo, kamchira kakuzungulira, akulira kulira kuja kumene sanandilirirepo ine. Vani inadutsa. Anaitsata ndi diso lake limodzi mpaka inakhota, n'kukhalanso pansi kudikira ina.

Alamu a Bester pano amakhala pakhomo ku Laurel. Ndikumva kuti amawabaya jakisoni m'diso mwezi ndi mwezi, ndipo kuchipatalako amawayendetsa ndi Mwabi. Akuti diso limodzi likuonako bwino, linalo ndi chimbuuzi. Vani sadzayendetsanso. Musandifunse ngati ndikumva chisoni, chifukwa yankho langa simulikonda. Anaseka mwana wanga akugunda makoma, ndipo kuseka kumene kuja ndimakumvabe.

Koma masana aliwonse Tiffany amakwera pakabokosi ka Gracian. Diso limene ndinalimenyera nkhondo miyezi yonse ija likuona bwino kwambiri, limasiyanitsa vani yoyera ndi yotuwa ili kutali. Ine ndimatunga chakudya ndi kakapu, kusalaza pamwamba ndi chala monga anandiuzira dokotala, n'kuima pakati pa balaza ndikumuitana. Satembenuka.